Lamina Pakhosi pa Mzungu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha tsitsi langa lomwe. Ndinapita kukameta ku barbeariya ya a Zakariya ku Nhartanda, iwo ataona mmene ndinadzidulira m'mbali ndi kagalasi kosweka anaseka mpaka kutsokomola. "Dzanja lilipo, nzeru ndiye palibe. Ubwere segunda, Lolemba likubwerali."

Anandiphunzitsa kutsuka makina ndi mswachi, kuthira mafuta m'mano mwake, ndi kutsegula lamina yatsopano yometera ndevu kliyente akuona. Lamulo lalikulu linali limodzi: ukagwira lamina, maso pakhungu la munthu, osati pa televizau.

Chaka chimenecho lamuloli linkavuta. Katswiri wina wa masewera, mzungu wa kunja, ankazengedwa mlandu wopha mkazi wake, ndipo khoti lonse linkaonetsedwa. Anthu ankadzaza pabenchi, ngakhale a dazi. Aliyense anasanduka loya. "Akanakhala wakuda, bwenzi atawola kale m'ndende!"

Tsiku lachigamulo, pampando panga panali mzungu wokonza malole ku Moatize, wobwera kawirikawiri. Ndinali nditampaka thovu, lamina ili pakhosi, pamene chilango chinalengezedwa. Chinali chopepuka. Chipinda chinaphulika. Dalaivala wina anandikuwira: "Iwe mwana, mcheke pang'ono, tibwezeko!" Anthu anaseka, koma si onse. Mzunguyo sanamve mawuwo, koma anamva maso. Khosi lake linauma. Ndinachita mantha zedi.

A Zakariya sanakalipe. Anazimitsa televizau, n'kufunsa mofatsa: "Abale, dzina la mzungu wa pa televizau uja mukulidziwa, la loya wake mukulidziwanso. Nanga mtsikana wa ku Canongola uja, ankaluka tsitsi pakhonde pano, amene mwamuna wake anamupha mwezi watha, dzina lake ndani?"

Dalaivala uja anayang'ana nsapato zake.

"Rozita," anatero a Zakariya. "Kukhoti kwake ndinapita ndekha. Mabenchi anali mbee." Kenaka anandigwira chigongono. "Maliza ndevu, mwanawe. Thovu likuuma."

Ndinamaliza osamcheka ngakhale kachiphuphu.

Lero ndili ndi barbeariya yanga m'dera la Filipe Samuel Magaia, ndipo televizau ilipo. Munthu ngati a Zakariya sindinamuonenso. Milandu ya anthu otchuka ikayamba, ndimawasiya odzameta akangane, koma wokhala pampando wanga ndi khosi chabe limene landikhulupirira. Mwana wanga woyamba dzina lake ndi Rozita.