Mphasa yomwe tinakukulungamo pa Ngabu

Lero ana a kalabu yathu ya zisudzo ku yunivesite andiimbira foni, akufuna mphasa ija. Ikadali kuseri kwa chitseko changa, Fatsani, ndipo zaka zitatu zonsezi sindinaiyalepo.

Unali pamsika wa Ngabu, m'sewero la kolera, iwe ukusewera maliro titakukulunga m'mphasamo. Lamulo la kalabu linali loti wosewera wakufa azidzuka pamaso pa anthu, atchule dzina lake lenileni, kenako tizipita. Tsiku limenelo mvula inangoyamba mwadzidzidzi, ndiye tinakunyamula uli wokulungidwa choncho mpaka m'minibasi, iwe ukuseka m'katimo. Amayi ena ogulitsa nsomba anatithamangira akunyowa. "Mudzutseni kaye mwanayo tione, musapite naye chonchi." Amene anawayankha ndine: "Ndi sewero chabe, amayi." Patangotha miyezi iwiri, madzi osefukira anakutenga kwanu ku Ndamera, ndipo thupi lako silinapezeke mpaka lero. Ndikudziwa kuti mphasa siinakuphe. Koma ndikamadutsa pa Ngabu ndimaweramitsa nkhope, kuopa kuti amayi aja angandizindikire n'kundifunsa ngati tinakudzutsa.