Zitseko za Takisi ya Steve

A Davison Mhone a ku Chintheche sanapheko nsomba chibadwireni, koma kuchokera pa gombe lakwawo mpaka ku Tukombo ndi maboti ochepa amene sanalawepo bulashi yawo. Sukulu anaisiyira sitandade eyiti. Anakayesako ntchito yokama mphira ku esiteti, koma yolawirira ija inawakanika, ndipo atatha miyezi inayi anabwerako atanyamula chitini cha penti chimene mpaka lero sanena bwinobwino kumene anachipeza. Ukatswiri unayambira pomwepo. Kapentedwe kawo ndi kamodzi: penti wabuluu, wokhuthala ngati phala, kupaka katatu osaumira. Anthu anasiya kuwatchula dzina, amangoti a Penta, ndipo eni ake akamva choncho mapewa amakwera okha.

Zaka makumi awiri ndi zisanu dzinali linali la munthu mmodzi. Kenaka kunabwera Lusungu Kamanga, mtsikana amene anakaphunzira zopenta magalimoto ku Mzuzu. Anamanga kashedi ka malata m'mbali mwa msewu, moyang'anizana ndi mtengo wa mango pamene a Mhone amasewera bawo ndi anzawo. Iye anasankha ntchito imene ena amainyoza: mapulasitiki a m'kati mwa galimoto, a m'zitseko ndi pa dashibodi, amene dzuwa la kunyanja kuno limawatuwitsa ngati miyendo ya munthu wosadzola.

A Mhone bawo inayamba kuwavuta, chifukwa diso limodzi linkakhala kutsidya kwa msewu. Ankaona Lusungu akumasula mapulasitiki aja limodzilimodzi, kuwaika m'beseni, kuwatsuka ndi sopo kawiri, kuwayanika. Akauma ankawakwecha pang'onopang'ono ndi sandipepala yosalala, kuwapukuta, n'kupopera kamankhwala koyamba kosaoneka n'komwe, koti penti agwire. Penti weniweniyo ankangomuwaza mopyapyala, n'kudikira, n'kuwazanso.

"Kodi mwana uja akupenta kapena akutsuka mbale?" ankatero a Mhone mokweza. "Penti wake amachita kumupempha kuti atuluke m'chitini. Kuumira kotero sindinakuone."

Anzawo ankaseka, koma magalimoto ankaimabe pa shedi paja. Tsiku lina anamva dalaivala wina akufunsa mayi wogulitsa nthochi kuti, "Kwa a penta ndi kuti?" A Mhone anali atayamba kale kudzuka pa benchi pamene mayiyo analoza kwa Lusungu. Anakhalanso pansi mwakachetechete, n'kunena kuti msana ukuwavuta.

Choipitsitsa chinachokera m'nyumba momwe. Mng'ono wawo Steve ali ndi takisi yoyenda pakati pa Chintheche ndi Nkhata Bay, ndipo m'mawa uliwonse ankapaka polishi m'zitseko zake zotuwazo kuti ziwale, polishi akatha ankangothirapo mafuta ophikira. Lachitatu lina anafika kwa a Mhone n'kunena kuti Loweruka adzanyamula amayi a Umanyano, gulu la amayi a mpingo, kupita ku msonkhano ku Bandawe, choncho akufuna Lusungu amukonzere m'kati.

"Wati ndani?" anafunsa a Mhone.

"Lusungu, akulu. Zapulasitiki ndi zake zija."

"Iwe Steve, ndinakulera ine. Uniforomu yako yoyamba ndinagula ndi bulashi imeneyi. Lero udutse pamaso panga, anthu onse a pa bawo akuona, kukapereka galimoto ya kwa Mhone kwa mwana wa dzulodzuloli? Ndiye mawa ndani adzanditchule penta, ngati wa m'mimba imodzi wandikana?"

Akazi awo a Bertha, amene anali kukanda chinangwa chovuula pa khonde, anaponyapo mawu osatukula mutu. "A Mhone, galimoto si boti."

"Boti limagona m'madzi chaka chonse, penti wanga osasuntha. Ndiye alephere pa kagalimoto kokhala pouma?"

Steve anakanda mutu n'kupereka makiyi.

Lachinayi a Mhone anaimika takisi ija pansi pa mtengo wa mango dala, zitseko zonse zili yasa, kuti wa kutsidya aone. Sanamasule kanthu, sanatsuke kanthu. Kuwala kwa polishi kuja anati ndiye kusalala kwabwino. Anaviika bulashi m'penti wa maboti n'kupaka mosaumira, katatu konse. Lusungu anaoloka msewu, manja ali kumbuyo mwaulemu.

"Ada, bambo anga, pepani, pulasitikiyo ali ndi mafuta. Mukanayamba mwatsuka."

"Yewu, zikomo, mwana wanga. Zotsuka tinasiyira inu."

Lachisanu m'kati mwa galimoto munali waliwali ngati boti latsopano. A Mhone anagunda ndi chala, pamwamba panali pouma, ndipo anaitana aliyense wodutsa kuti adzaone.

Loweruka kunatentha monga kumachitira mu Okutobala. Amayi asanu ndi atatu anapanikizana m'takisi muja atavala mabulauzi oyera ochita kusitidwa ndi makala, a Bertha atatsamira chitseko chakumanzere. Ulendo wa ku Bandawe si wautali, koma unakwanira. Penti uja anali atangouma khungu, pansi pake ali phala, ndipo pa mafuta paja analibe pogwira. Potsika, a Bertha anamva ngati wina akuwakoka mkono. Atadzikoka, chitseko chinasendeka ngati nthochi, chikamba chabuluu chitakakamira pa bulauzi kuyambira paphewa mpaka pachigongono. Mayi Nancy Longwe, amene anayenera kutsogolera nyimbo, anali ndi chizindikiro cha chogwirira chitseko m'nthiti. Okhawo okhala pakati ndi amene anatsika oyera, ndipo ndi omwewo amene anafalitsa nkhaniyi.

Zimene a Bertha ananena atafika kunyumba sitizilemba, poti ndi mayi wa mpingo.

Lolemba Steve sanapemphenso chilolezo, anangoimika galimoto pa shedi. A Mhone anatsatira, akuti kukaona mmene mwanayo alepherere. Lusungu anazungulira galimoto, n'kukanda chitseko ndi chikhadabo.

"Penti uyu ndekha nditha sabata ndikupala. Amene akumudziwa ndinu, ada. Mundithandize?"

Akanakana, koma Steve anali kuwayang'ana ndi diso lija la munthu amene wataya okwera masiku awiri. Choncho anthu a pa bawo anaona zimene sanaziyembekeze: a Penta atakhala pa mpando wachidule, beseni pakati pa miyendo, thovu mpaka m'zigongono.

"A Mhone, mukamaliza kunonso kuli mapoto!" anakuwa mmodzi.

A Mhone anaweramira beseni. Anapala, anatsuka kawiri, anakwecha ndi sandipepala mmene anawauzira, uku akung'ung'udza kuti ndi yosalala kwambiri. Lusungu atapopera utoto wakuda wosawala n'kubwezera mapulasitiki m'malo mwake, a Mhone analowa m'galimoto ndi magalasi awo a maso. Anafufuza m'makona, anakanda ndi chikhadabo pobisika, anagwada kusuzumira pansi pa dashibodi. Anatuluka nkhope ili gwa. Anthu amene amawadziwa akuti tsiku la mabulauzi lija silinawapweteke ngati mmene kunawapwetekera kusapeza cholakwika.

Masiku ano okwera akasisita chitseko n'kufunsa amene anapenta, Steve amayankha mwachilungamo kuti, "Lusungu ndi akulu anga." A Mhone anazimva izi koyamba atakhala mpando wakutsogolo popita ku Nkhata Bay. Ali pakati pa ulendo, anamugwira Steve pabondo.

"Iwe, potchula anthu umayambira wamng'ono? Uzinena kuti akulu anga ndi Lusungu."

Steve anavomera. Koma akuti amaiwala kawirikawiri, ndipo a Mhone ali ndi anthu awo m'takisimo amene amawauza.