Tsiku Limene Amayi Anayala Chitenje Pafumbi

Amayi anali ndi chitenje chimodzi chokha chopitira pagulu, chobiriwira, cha maluwa achikasu amene anali atayamba kufwifwa. Kumunda kapena kuchigafa sankachivala. Chinkakhala chopindidwa bwino m'sutikesi yamalata, chikununkhira sopo ndi fodya, ndipo chinkatuluka Lamulungu kapena kukagwa maliro basi. Ndikamakumbukira chaka chimene ndinayamba sukulu, chimayamba kubwera m'maso mwanga ndi chitenje chimenecho.

Tinkakhala pa esiteti ya fodya kufupi ndi Mitundu, mbali yopita ku Malingunde. Tinachoka ku Thyolo bambo atamwalira, kutsatira amalume amene anali tenanti kumeneko. Patapita zaka ziwiri boma latsopano linalengeza kuti sukulu ya pulayimale ndi yaulere, ndipo ana tinatuluka m'midzi ndi m'maesiteti ngati inswa mvula ikagwa. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Ndinalowa Sitandade 1 pamodzi ndi tiana tamamina, tina tosatha n'komwe kumanga kabudula. Ankanditcha "amayi a kalasi". Ndinkaseka nawo, koma mumtima zinkandiwawa koopsa.

Zipinda zinachepa, choncho ife tinkaphunzirira pansi pa mkuyu, a Sitandade 2 pansi pa mango, chapafupi pomwepo. Aliyense ankakhalira njerwa yake. Aphunzitsi athu, mayi wachitsikana amene anali atangoyamba kumene ntchito, ankandikhazika kumbuyo kwenikweni kuti ndisatchingire anzanga. Kumbuyoko khutu limodzi linkamva za kalasi yathu, linalo linkaba masamu a pansi pa mango. Kangapo konse ndinayankha mokweza funso la eni ake, ana n'kufa nacho chiseko, aphunzitsi n'kungondiyang'anitsitsa. Ndinkayesa kuti akwiya.

Teremu yomaliza inafika m'nyengo yachisanu, fodya akusankhidwa m'zigafa. Ndi pamene amalume anatulutsa maganizo awo. Ku Likuni kunali mayi wina amene ankafuna mtsikana wolera mwana, ndipo iwo anali atamulonjeza ine.

"Mtsikana wamkulu chonchi kumaimba nyimbo ndi makanda? Adzafika Sitandade 8 ali ndi imvi ameneyu," anatero.

Lero sindiwada amalume. Chimanga chimene ankatipatsa pa esiteti chinali chochepa, odya tinali ambiri, ndipo iwo ankaona ngati akundipezera pabwino. Koma nthawi imeneyo ndikangowaona mtima unkawira. Amayi sankakonda kutsutsana ndi mlongo wawo, koma tsiku limenelo anayankha.

"Achimwene, dikirani tsiku lotsekera. Dzina lake likapanda kumveka, mumutenge."

Sabata ya mayeso itakwana, aphunzitsi anandiitana. "Iwe, nyamula njerwa yako ukakhale ku mango uko. Kuno malo achepa." Malo achepa bwanji pansi pa mtengo? Ndinanyamula njerwayo misozi ili chilengelenge, ndikudziwa ndithu kuti andithamangitsa chifukwa cha msinkhu. Sabata yonse ndinalemba zimene zinali pa bolodi lotsamira mangowo, zala zitauma ndi chisanu. Ndinkaganiza kuti akungondilembetsa kuti ndisakhale chabe, mapepala anga akakolezera moto. Kunyumba sindinauze munthu.

Tsiku lotsekera linali chikondwerero cha dera lonse. Tinasesa bwalo m'mamawa, anyamata anapaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira. Panali fungo la zitumbuwa ndi mbatata yootcha, makoko a nzimbe ali mbwee. Atsikana a makalasi aakulu anavina chimtali mpaka fumbi linatilowa m'mano. Eni mudzi anakhala kutsogolo, pamabenchi ndi pamphasa. Matenanti, monga obwera, anakhala kumapeto, chakudzuwa. Amayi anali komweko atavala chitenje chawo chija, amalume pambali pawo atavula chipewa.

Mwambo wake unali wakuti ahedi ankawerenga mayina a okhoza okha, kuyambira nambala wani. Womva dzina lake ankathamangira kutsogolo, makolo n'kumufupa, wina switi, wina nzimbe, wina katambala. Mndandanda wa Sitandade 1 unali wautali zedi chaka chimenecho. Tiana tija tinkadzuka kamodzikamodzi, ngakhale kamnyamata kamene ndinkakapukuta mamina tsiku ndi tsiku. Kenako ahedi anapinda pepala.

"Amene simunamve mayina anu, tidzaonana pansi pa mkuyu pomwepo."

Anthu anaseka. Dzina langa linali lisanamveke. Ndinaona amalume akudzuka n'kusasa fumbi pabuluku.

"Tiyeni achemwali, mwamva nokha. Mawa tilawirire basi."

Amayi sanasunthe. "Mwambo sunathe, achimwene. Kuchoka akuluakulu akuyankhula n'kupanda ulemu."

Amalume anakhalanso pansi mong'ung'udza. Ahedi anatenga pepala la Sitandade 2. Ine ndinali nditazolika, ndikulemba pansi ndi kamtengo, maganizo ali kale ku Likuni, mwana wa eni ali kumsana. Anatchula nambala wani, nambala thuu. Pa nambala fili ndinamva dzina ngati langa, koma sindinadzuke. Analitchulanso, ndi la bambo anga lomwe.

"Ameneyu," anatero ahedi akugwetsa magalasi pamphuno, "analembetsa Sitandade 1, walemba mayeso a Sitandade 2, ndipo akupita Sitandade 3. Ali kuti?"

Ndinayang'ana aphunzitsi athu. Anali kumwetulira, akundikodola ndi dzanja. Apa m'pamene ndinazindikira chimene anandisamutsira ku mango.

Nthungululu imene amayi anaimba sindinaimvenso kwa munthu wina mpaka lero. Amayi onse a pa esiteti anadzambatuka, kudutsa pakati pa mabenchi a eni mudzi akuvina, popanda wowaletsa. Amayi anga anafika patsogolo panga opanda switi kapena tambala m'manja. Anamasula chitenje chija, chimodzi chokhacho, n'kuchiyala pafumbi kuti ndiyendepo. Deresi imene inali m'kati inali yong'ambika kumbuyo konse, yoikidwa chigamba cha thumba la feteleza, malemba ake akuoneka bwinobwino. Bwalo lonse linaona. Ndinayenda pa maluwa achikasu aja ndi mapazi anga otuwa, anthu akuwomba m'manja, ndipo ndinkangomva ngati ndiuluka.

Nanga amalume? Anafika ndi nzimbe yathunthu, yaitali kuposa ine, akuuza aliyense wofuna kumva kuti, "Ine ndinkadziwa kale! Mutu umenewu ndi wakwathu!" Za ku Likuni sanazitchulenso, ndipo patapita zaka, nditayamba kugwira choko ndekha, ankanenabe kuti anandiphunzitsa ndi iwowo. Ndinkangowasiya.

Pobwerera tinadutsa njira ya m'minda, mapesi ouma akulira ndi mphepo, ine ndikutafuna nzimbe. Chitenje chinali chitabwerera m'chiuno, mapazi anga awiri atadindika pambali pake. Chimwemwe chitatsika pang'ono, manyazi anandigwira.

"Amayi, munavuliranji chitenje? Anthu onse aona chigamba chija."

"Aone," anatero, osatembenuka n'komwe.

Ndinakhumudwa nalo yankho limenelo. Ndinkaona ngati andichititsa manyazi pa tsiku langa, ndipo ndinkadandaula kuti fumbi lija silidzachoka. Sindinkadziwa kuti chigamba chimenecho anachibisa zaka zitatu, kutchalitchi ndi kumaliro, kuopa kuti eni mudzi angati obwerawa ndi amphawi otheratu. Tsiku limenelo anasiya kuchibisa, chifukwa kwa nthawi yoyamba chifikireni ku Mitundu anali ndi chinthu choonetsa anthu, ndipo chinthucho ndinali ine. Koma ine ndinkangoyenda pambuyo pawo, ndikuganiza za sopo wochapira chitenje.