Jezi Yabuluu ya Malemu

Aneba athu, okonza mawotchi aja, amaonera mpira atatsinzina. Amakhala pakhonde, wailesi ili pamiyendo, pambali pawo pali mpando wina wopanda munthu. Amati bwalo la m'mutu mwawo ndi lobiriwira kuposa la pa TV, ndipo kamphepo kake kamanunkhira udzu womweta kumene.

Iwo ndi a timu yofiira chibadwire, pomwe malemu akazi awo anali a yabuluu. M'nyumbamo munali lamulo loti matimu awiriwa akakumana, woluza azivala jezi ya mnzake tsiku lonse.

Loweruka kunali fainolo ya Supa Kapu. Abuluu atamwetsa chigoli chachiwiri, ndinasuzumira pampanda kuti ndiwapepese. Ndinawapeza akumwetulira, dzanja lili pampando uja.

M'mawa mwake anatuluka atavala jezi yabuluu yothina, mimba ili pamtunda. Anyamata a pagolosale anaseka mpaka nthiti kuwawa.

"Bambo, kodi mwatithawa?" ndinawafunsa.

"Ayi mwanangu, taluza basi." Anakokera kolala kumphuno, n'kupuma pang'onopang'ono ngati munthu amene ali m'maloto. "Ine chaka chonse ndimangodikira kuti amayi akowa andigonjetsenso."