Kabwalo Kosesedwa M'nkhalango

Zaka zimenezo ndinkasamalira bambo wina wachizungu wokalamba ku Oakville. Ndinkanyamuka ku Etobicoke m'mamawa, kukwera basi kenako sitima, kukawasambitsa ndi kuwamwetsa mankhwala. Moyo wawo wonse ankakonda kuonerera mbalame, koma maso anali akutha. Adokotala anali atanena kuti chisanu chikamadzabweranso adzakhala asakuona. Madalawo ankalakalaka chinthu chimodzi chokha: kuona manakini, kambalame ka m'nkhalango za ku Trinidad, kakuvinira kakazi.

Ana awo anandipempha kuti ndiperekeze madalawo ku Trinidad. Amuna anga anaseka mpaka misozi. "Ndiye mwabukitsa ndege kukaonerera ndiwo zikuvina?" Ndinawauza kuti adziphikira okha sabata yonseyo, tione amene aseke.

Titafika, malo amene munthu wotitsogolera m'nkhalango ankawadziwa tinapeza mtengo utagwerapo, mbalame zitasamuka. Tinayenda masiku atatu, iye ndi madala makosi ali m'mwamba. Ine maso anali pansi, poti ntchito yanga inali yoti asapunthwe. Tsiku lachitatu madala anati, "Tiyeni tizibwerera, mwanangu, ndinachedwa nazo." Mtima unandiwawa.

Pobwerera ndinaona kamalo pakati pa timitengo tiwiri, kukula kwake ngati lichero, kopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Ine ndinakula ndikusesa pabwalo m'mawa uliwonse, amayi akundibweza ndikasiya kachitsotso. Malo ongoyera okha ndi malo osesedwa sungandinamize.

"Apa pasesedwa," ndinatero.

Wotitsogolera anayang'ana, n'kugwira pakamwa. Anati timanakini tamphongo timachotsa masamba ndi milomo, kukonza bwalo lovinirapo.

Ndinawakhazika madala pampando wopinda, pafupi ndithu, tinangoti phee. Kenako thyo! thyo! ngati munthu akuthyola nkhuni zouma. Kambalame kakuda kumsana, koyera pakhosi, kanayamba kudumpha kuchoka pakamtengo aka kupita pa ako, nthenga za pakhosi zitafufuma, mapiko akulira. Kakazi kobiriwira kanatera chapamwamba, kakuyang'ana monyada ngati sizikukakhudza.

"Mukuona, bambo?" ndinanong'ona.

"Choyera chikudumpha," anatero, misozi ikutsika. "Ndaona, mwanangu. Ndaona."

Ndinanyada, ndisaname. Akatswiri awiri ndi magalasi awo oonera patali, koma wopeza ndine.

Maso a madala anatha chisanu chitangoyamba. Koma aliyense wobwera kudzawazonda ankamugwira mkono n'kumufotokozera gule yenseyo, kudumpha kulikonse, kenako n'kuloza kumene kwamveka mawu anga. "Funsani mayiyu. Ndi amene anaona pamene panasesedwa."