Jeke Woyenda pa Ngolo

Ndinamaliza maphunziro a uinjiniya wa makina ku Blantyre boma litangosintha kumene. Tinalowa koleji dziko lili ndi chipani chimodzi, tinatuluka zipani zili mbwee. Polowa, aphunzitsi ankatiuza kuti mafakitale adzatilimbirana tisanavule n'komwe mikanjo. Potuluka, mafakitale omwewo anali akugulitsidwa, ena akuchotsa anthu, ena atatsekeratu zipata. Ndinazungulira maofesi a ku Limbe ndi ku Kanengo mpaka nsapato zinatha kuchidendene, kenako ndinakwera basi kubwerera kwathu kufupi ndi Chisepo, ku Dowa.

Bambo anga sanadabwe. Iwo kuyambira kale ankafuna ndiphunzire zachipatala, ndidzagwire ntchito ku Mtengowanthenga, chifukwa odwala satha. Za uinjiniya sankazimvetsa, ndipo inenso sindinkadziwa pogwira pofotokoza. Ndikati tinkaphunzira kulimba kwa zitsulo, kayendedwe ka madzi m'mapaipi, ndi mmene moto umasandukira mphamvu mu injini, ankavomera ndi mutu n'kundipatsa wailesi yawo kuti ndione chimene ikulirira mokhosomola. Anthu a m'mudzi ankabwera ndi njinga, mawotchi, makina osokera. Zina ndinkakonza, zina ndinkabweza. Sukulu za pulayimale zinali zitangokhala zaulere, aphunzitsi akufunika paliponse, ndipo bambo ankandikumbutsa zimenezi mwa apo ndi apo, mosakalipa.

Malume anga, amene ankayenda m'misika kugula mtedza ndi soya, ndiwo anamva kuti mayi wina wa esiteti ya fodya kumapiri a Ntchisi akufuna munthu woyang'anira makina. Amuna a mayiwo anali munthu wamkulu m'chipani chakale. Anamwalira chisankho chitangodutsa, ndipo abale awo anatenga magalimoto abwino ndi nyumba ya ku Lilongwe, n'kusiyira mayiwo esiteti imene aliyense ankaiona ngati mtolo. Malume anati malipiro ake ndi ochepa koma nyumba ilipo. Ndinapita.

Esitetiyo inali pakati pa mapiri awiri, kumapeto kwa msewu wa miyala. Zigafa zoumitsira fodya zinali zitandanda mpaka kudambo, zina zitagwa denga. Nyumba za matenanti zambiri zinalibe anthu. Makina amene ndinapeza anali mathirakitala awiri, limodzi loyenda, linalo lochotsako ziwalo zokonzera linzake, jenereta, pampu ya kumtsinje, chigayo, ndi jeke wamkulu wodindira fodya m'mabelo, womangiriridwa m'simenti pakati pa shedi.

Mayiwo anali aafupi, a imvi pang'ono, ndipo ankayenda m'munda atavala jombo za malemu amuna awo. Kale anali mphunzitsi, ndipo kalankhulidwe kauphunzitsi anali nakobe. Mapepala anga a kukoleji anangowayang'ana pamwamba n'kundibwezera.

"Pano palibe chatsopano choti mupange, a injiniya," anatero. "Ine ndikungofuna zimene mwaonazi zigwire ntchito mpaka tidzakolole."

Dzina loti a injiniya linayamba ngati nthabwala, koma linandikanirira, mpaka matenanti ndi ana awo sankadziwa lina.

Miyezi yoyamba ndinkakhala ndili girisi thupi lonse. Ndinkamasula pampu, kusintha malamba a chigayo, kuwotcherera pulawo, kusefa dizilo ndi nsalu. Zambiri mwa izi sitinaphunzire m'kalasi; ndinkaziphunzira pochita, ndipo sizinali zovuta, kungoti zinali zosatha. Kukada ndinkagona tulo ta munthu wotopa. Sindinganene kuti ndinali wokondwa kapena wodandaula. Mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi kukoleji anali atapita ku Botswana, wina atalowa ntchito kubanki, wina akuyendetsa maminibasi a mkulu wake. Ine ndinali m'gulu la amene ankagwirabe sipanala, ndipo ndinkadzilimbitsa mtima ndi zimenezo.

Chimene chinkapha esitetiyo sanali makina. Malamulo anali atamasuka, alimi wamba analoledwa kulima fodya wa bale m'minda yawo n'kukagulitsa kudzera m'makalabu. Matenanti a ku Dowa ndi a ku Ntchisi komweko anabwerera kwawo kukalima wawowawo. Otsala anali ochokera ku Mulanje ndi ku Thyolo, amene kwawo analibe malo. Choncho fodya wa pa esiteti ankachepa, wa m'midzi akuchuluka. Koma m'midzimo munalibe jeke. Nyengo yodinda itafika, ngolo zinayamba kubwera kwa ife kuchokera kutali, zitadzaza fodya, eni ake akupempha kudinda pa jeke wathu. Ankagona pamzere panja pa shedi. Fodya ankaphwanyika m'njira ndi mabampu, wina ankanyowa ndi mame, ng'ombe zikudya udzu wa padenga la zigafa.

Tsiku lina mayiwo anaima pakhomo pa shedi akuyang'ana mzerewo, manja ali kumbuyo. Anandiitana.

"A injiniya, chovuta n'chiyani kuti jekeyo ndiye azipita kwa iwo?"

Ndinawauza kuti ndi wolemera kuposa ng'ombe ziwiri, ndipo ali m'simenti. Anati sakunena ameneyo, akunena wina, woti akwere pangolo. Kuchokera pamene ndinatuluka koleji, aka kanali koyamba munthu kundifunsa funso lofanana ndi amene tinkafunsidwa m'kalasi.

Ndinayamba ndi kufufuza mphamvu imene imafunika kuti fodya apanikizike kufika pa belo. Ndinalibe chipangizo choyezera, motero ndinagwiritsa ntchito mtanda wautali ndi matumba a feteleza, kumawonjezera thumba limodzilimodzi mpaka fodyayo atatsika pamlingo. Kuchokera pamenepo ndinawerengera kunenepa kwa chitsulo chozungulira chimene chimatsitsa thabwa lopanikizira fodya, ndi kulimba kwa mtanda wapamwamba. Ndinafuna kuti jekeyo azimasulidwa zidutswa zoti anthu awiri anyamule, ndiye m'malo mowotcherera ponse ndinaika mabawuti. Zitsulo ndinakazitola ku Lilongwe, kumene amagulitsa zotha ntchito, ndipo munthu wina wa makina osemera zitsulo anandisemera mazinga a chitsulo chozungulira chija motsatira chojambula changa. Anachiyang'ana nthawi yayitali chojambulacho, n'kunena kuti anthu ambiri amabwera ndi chitsulo chothyoka m'manja, osati pepala.

Jeke woyamba tinakamuyesa m'mudzi wina cha ku Malomo, pabwalo la kalabu ya alimi, anthu atazungulira. Mabelo awiri oyamba anatuluka bwino. Pa belo lachitatu, ine ndikumwa madzi kuseri kwa nyumba, ndinamva kulira kwa chitsulo kenako kuseka. Mtanda wapamwamba unali utapindika ngati uta. Ine ndinawerengera mphamvu ya anthu awiri ozunguza ndi chogwirira chimene ndinapanga. Iwo anaona kuti chogwiriracho n'chachifupi, analowetsamo paipi yaitali ya mjigo wakufa, n'kukankha anthu anayi, pofuna kuti m'belomo mulowe fodya wambiri. Panalibe wovulala. Wapampando wa kalabuyo anandipepesa mwaulemu, koma anawonjezera kuti chinthu chopangira alimi chiyenera kudziwa kuti alimi ndi otani.

Mayiwo nditawafotokozera sanakalipe. Anangofunsa ngati jekeyo akonzeka nyengo isanathe. Ndinakhuthalitsa mtanda, ndipo pachogwirira ndinaikapo kabawuti kakang'ono kofewa, koti anthu akakankha mopitirira muyeso kazithyoka kokha china chilichonse chisanapindike. Tibawuti timeneti tinkapereka m'kathumba pamodzi ndi jekeyo. Alimi ankadandaula nato poyamba, kenako anazolowera kumva pamene dzanja liyenera kuleka.

Nyengo imeneyo tinapanga majeke angapo, ndipo ankayenda pangolo kuchokera mudzi wina kupita wina, mpaka ku Nthondo. Makalabu ankabwereka kwa mayiwo n'kumalipira pabelo. Ine ndinkawatsatira pa njinga, kukwera ndi kutsika zitunda, kuona pamene pakudyeka, kumangitsa pamene pakhwefuka, n'kubwerera kukasintha chojambula. Ndagwira ntchito zaka zambiri kuchokera pamenepo, m'malo akuluakulu, koma miyezi imeneyo ndiyo yokha imene ndinagwiritsa ntchito zonse zimene ndinaphunzira.

Chaka chotsatira ndili pa Mponela kugula malamba, ndinaona jeke wangayo ali panja pa kanyumba ka wowotcherera, atapakidwa penti ya buluu. Ndinayandikira. Sanali wanga, koma anali yemweyo: miyeso yake, mabawuti ake, ngakhale kabowo kamene ndinabowola molakwitsa pa woyamba uja n'kukasiya kopanda ntchito, nakonso kanalipo. Zitsulo zake zinali zopyapyala, ndipo kabawuti kofewa kaja kanalibe, m'malo mwake anawotchereratu. Mwini wakeyo sankandidziwa. Anandiuza kuti kapangidwe kake n'kochokera ku Joni, ndipo anali ndi anthu ambiri odikira. Ndinayamikira ntchito yake n'kumapita.

Nditawauza zimenezi, mayiwo anandifunsa ngati palibe lamulo loletsa munthu kubera nzeru za mnzake. Ndinati mwina lilipo, koma sindikudziwa amene angalitsatire mpaka pa Mponela. Anaseka pang'ono, nati kusukulu ankamenya ana chifukwa choonera, koma kuno woonera ndiye wakhoza. Makalabu anagula majeke awoawo. Ena ankapindika, eni ake n'kumawawongola ndi hamala, ntchito n'kumapitirira. Athu anatsala m'shedi. Alimi anapindula, wowotcherera uja anapindula, ndipo sindinapeze munthu woti ndimukwiyire.

Fodya wa chaka chimenecho sanayende bwino kumsika. Matenanti ena anachokanso. Mayiwo anandiitanira pakhonde masana ena, tiyi ali patebulo, n'kundiuza kuti abale a malemu ayambanso kubwera, tsopano akufuna malowo, ndipo iwo atopa.

"Inu ndinu mwana, a injiniya. Musakalambire pano ndi ine. Yambani kufunsa kwina ndikadali ndi mphamvu yokunenerani zabwino."

Ndinapeza ntchito pa fakitale ina yoyenga mafuta ophikira ku Blantyre, yoyang'anira maboyila, matanki akuluakulu owiritsira madzi. Ndinachoka ku Ntchisi mvula itayamba, pa lole imene inatitimira kawiri tisanafike paboma. Mayiwo ndinadzamva kuti anasiya malowo n'kupita kwa mwana wawo ku Kasungu, kumene anatsegula sukulu ya mkaka. Sitinaonanenso.

Pa fakitaleyo ndinakwera pang'onopang'ono, kuchoka pamaboyila kupita muofesi, kumene ntchito yanga yaikulu inali kuitanitsa zipangizo kunja ndi kudikira kuti zifike. Makina onse anali opangidwa ndi anthu ena m'mayiko ena, ndipo chimene ankafuna kwa ine n'chakuti asaime. Ntchitoyo inandidyetsa, ndinamanga nyumba, ana anaphunzira. Anzanga amene anasiya uinjiniya msanga ambiri ananditsogola, ena anagwa. Amene anapita kunja ndiwo amajambula makina mpaka lero.

Mwana wanga wamkazi atamaliza folomu folo anandifunsa ngati maphunziro amenewa ndi oyenera kuwatsata. Ndinamuuza zimene ndinkadziwa: kuti ndi ovuta, kuti amasintha mmene munthu amaonera chinthu chilichonse chimene wagwira, kuti njala sadzagona nayo, koma kuti m'dziko muno mwayi wopanga chinthu chakechake ukhoza kumupeza kamodzi kapena osamupeza n'komwe. Anamvetsera mpaka kumapeto, anafunsa za malipiro, anafunsanso ngati akazi amawalandira bwino m'mafakitale, ndipo ndinayankha zoona pa zonse ziwiri. Anakalembetsa uinjiniya wa misewu ndi milatho. Sindinamukakamize, sindinamuletse.