Mtolo Wopepuka wa Achimwene

Achimwene anga sadziwa kukhala pansi. Akabwera kunyumba amaima pakhomo, chikwama cha laputopu chili kumsana, makiyi akulira m'manja. Mukawakakamiza mpando amakhalira m'mphepete, mwendo ukugwedera, ngati mpandowo uli ndi nsikidzi. Tiyi amamwa choimirira. Anabadwa choncho: ali mwana ankafika kusukulu anzawo asanasukusule, n'kumadandaula kuti aphunzitsi akuchedwa.

Amagwira ntchito kunyuzipepala ina ya pa intaneti, m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya matayala, momwe fani imazungulira koma mphepo yake osaimva. Ntchitoyo anandifotokozera tikuyenda, poti atakhala sangathe. Anzawo amalemba malangizo a tsamba la nyuzipepalayo m'timafayilo tambirimbiri: kena ka zithunzi, kena ka mabatani, kena ka ndemanga za owerenga. Foni ikamatola timeneti kamodzikamodzi imachedwa. Ndiye achimwene amayendetsa pulogalamu yotisonkhanitsa n'kutimanga mtolo umodzi, kuti foni ingonyamula kamodzi, tsamba n'kutseguka. Kuntchito amawatchula a Mtolo, iwo n'kumavomera monyadira.

Vuto lawo n'lakuti mtolo uliwonse amauona kulemera. "Munthu azidikira tsamba ngati akudikira basi? Ine ayi!" Tsiku lina anatulukira kuti pulogalamu ija ikhoza kutaya kafayilo kalikonse komwe palibe kanzake kokaitana. Sanaganize kawiri, anaiuza kuti izitaya zonse zotero osafunsa. Mtolo unapepuka, tsamba linayamba kutseguka m'kuphethira kwa diso, ndipo abwana anawagwira chanza pamaso pa anthu. Anandiimbira foni kundiuza zimenezi, n'kudula ndisanayankhe.

Bambo athu anali telala, maso awo anathera pa singano. Amakhala ndi ine. Kuwerenga anasiya kale, koma patsamba la achimwene panali kabatani kobiriwira pansi chakumanja, koti ukakagunda foni imakuwerengera nkhani mokweza. Ndinamata kaselotepi pagalasi la foni kuti chala chawo chizipeza malowo. M'mawa uliwonse ankakhala pakhonde kumvetsera, ndipo aliyense wodutsa ankauzidwa, afune asafune, kuti, "Zimenezi amakonza ndi mwana wanga."

Ine ndimalawirira kusaluni, choncho ndinachedwa kuzindikira kuti pakhonde pakhala zii. Loweruka lina ndinawapeza akudina kaselotepi kaja, n'kuika foni kukhutu, n'kudinanso.

"Bambo, kwatani?"

"Palibe. Kaya chala changa chauma."

"Zayamba liti?"

"Papita nthawi ndithu. Ndiyenera kuti ndinadina polakwika, ndaononga ntchito ya mwana. Usamuuze, ali ndi zambiri."

Ndinamva chisoni, kenako ndinapsa mtima. Munthu wamkulu kumadziimba mlandu masiku onsewo, kuopa kusokoneza mwana amene sakhala naye ngakhale mphindi zoti tiyi azizire! Ndinawaimbira achimwene, ndipo ulemu ndinauika pambali.

Anafika thukuta lili kamukamu, analanda foni, anayang'ana, nkhope n'kugwa. Anatsegula laputopu pazenera, ali chiimire.

"Kafayilo kowerenga kaja palibe kanzake kamene kamakaitana," anatero motsitsa mawu. "Kamadzuka kokha tsamba likatseguka. Pulogalamu inakayesa kopanda ntchito."

"Ndiye munakataya."

"Koma ndinayesa tsamba lonse, mlongo wanga, chilichonse chimaoneka bwino."

"Munayesa ndi maso, achimwene."

Zala za achimwene zinathamanga palaputopu, ndipo posakhalitsa kafayilo kaja kanabwerera mumtolo. Koma kuntchito kwawo kuli lamulo lakuti mtolo watsopano supita kwa anthu mpaka mnzako auone kaye n'kuvomereza. Mnzawoyo anali paulendo, foni yake yosapezeka, wobwera Lolemba. Achimwene anaimba, anaimbanso, anayenda kuchoka pakhonde kufika pampanda, kubwerera, kupitanso. Anakankha mwangozi beseni langa lochapira, madzi n'kutayikira pansapato zawo.

"Iwe, ukundizunguza mutu," anatero Bambo. "Wati zikonzeka liti?"

"Lolemba, Bambo. Pepani. Simunaononge ndinu, ndine ndinalakwitsa."

"Chabwino. Nanga nkhani za lero zidikire Lolemba?" Anatambasula dzanja, foni ili m'manja, kulozetsa komwe kumachokera mawu a mwana wawo. "Pali mpando apa."

Achimwene anandiyang'ana ngati ndiwapulumutsa. Ine ndinangopinda manja. Anavula chikwama, anakhala m'mphepete mwa mpando, n'kuyamba kuwerenga mothamanga, mawu akupondana.

"Pang'onopang'ono. Akukuthamangitsa ndani?"

Anayambiranso. Nkhani ya msewu wokumbika, nkhani ya mpira, ya mvula yochedwa. Bambo ankawadula, kutsutsa, kufunsa maganizo awo, zomwe kabatani kaja sikanawalolepo. Mwendo wa achimwene unali ukugwederabe, mpaka Bambo anaufufuza ndi dzanja, n'kuika chikhatho pabondo. Unaleka. Ndinalowa m'khitchini kukateleka madzi chifukwa misozi inali pafupi, ndipo sindinafune kuti achimwene aione.

Nditatuluka ndi tiyi ndinapeza achimwene atsamira kumbuyo kwa mpando, makiyi ali pansi. Bambo anali atatsinzina, akumwetulira.

"Mnzako uja," anatero, dzanja likadali pabondo, "umuuze kuti Lolembalo asathamange nazo."